Mbiri ya Dzina la Satana mu Mzinda wa Lusaka

Pa maina onse amene Baibulo linabweretsa m'Cinyanja, palibe lina limene layenda ulendo wokhotakhota monga dzina la Satana. Linayamba kumveka m'tiakacisi ta udzu ku Magwero, kumene amishoni a Dutch Reformed anamanga m'caka ca 1899, ndi ku Kachebere, kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1903. Patapita zaka zana limodzi linasanduka dzina loti munthu akaloza nalo mnzace m'misewu ya Lusaka, mnzaceyo akhoza kuponyedwa miyala dzuwa lisanalowe. Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mudziwa kudziwerengera nokha, nkoyenera kuti mudziwe kumene dzinali linacokera ndi m'mene linasinthira pa njira.

Makolo athu Acewa anali kudziwa Cauta, Namalenga, mwini mvula. Anali kudziwa mizimu ya akufa imene ikwiya ikaiwalika, ndi ziwanda, ndi mfiti zimene zidya anzao usiku. Koma mdani mmodzi wamkuru wolimbana ndi Cauta, mfumu ya zoipa zonse, sanamdziwe. Coipa cinali ndi nkhope ya munthu wa pafupi, kawirikawiri mbale wanjiru. Gwiritsani mfundo imeneyi, pakuti tidzakomana nayonso.

Tsono Malembo eni ace anena ciani? Ambiri adabwa akamva kuti Cipangano Cakale cimchula Satana m'malo owerengeka okha. M'Cihebri liuli litanthauza wotsutsa, kapena woneneza pa mlandu. M'macaputala awiri oyamba a Yobu iye aonekera pa bwalo la Mulungu pamodzi ndi amithenga ena, natsutsa kuti Yobu aopa Mulungu cifukwa ca cuma cabe. Ndipo sakhudza kanthu ka Yobu kufikira atapatsidwa cilolezo. Pa Zekariya 3 aima pambali pa mkuru wa ansembe Yoswa kuti amneneze, ndipo adzudzulidwa. Pa 1 Mbiri 21 ndiye afulumiza Davide kuwerenga anthu. Njoka ya pa Genesis 3 sichulidwa dzina limeneli konse. Ndi buku lomariza, Cibvumbulutso 12, limene linena poyera kuti njoka yakale ija ndiye Satana, ndi kuti anaponyedwa pansi pamodzi ndi angelo ace atagonja pa nkhondo ndi Mikaeli.

Nanga nkhani yoti iye anali mngelo wokongola amene anagwa cifukwa ca kunyada? Imeneyi inamangidwa pang'onopang'ono. Yesaya 14 ndi nyimbo yotonza mfumu ya Babulo, imene aifanizira ndi nthanda yakugwa kucokera kumwamba. Ezekieli 28 alira mfumu ya Turo. Aphunzitsi akale a Mpingo, monga Origen, anaona cithunzi ca Satana m'ndime zimenezi, nazilumikiza ndi mau a Yesu pa Luka 10 onena za kugwa kwace. Pamene Jerome anamasulira Baibulo m'Cilatini, nthanda ija anailemba Lucifer, ndiko kuti wonyamula kuunika, ndipo liu lochula nyenyezi linasanduka dzina. M'caka ca 1215 msonkhano waukuru wa Lateran ku Rome unalemba ciphunzitso cimene mipingo yambiri igwirabe: kuti iye analengedwa wabwino ndi Mulungu, naipa mwa kufuna kwace. Kotero sali mulungu waciwiri. Ndi colengedwa, ndipo mphamvu yace iri ndi malire.

Cipangano Catsopano cimpatsa dzina lina la Cigriki, diabolos, ndiye kazitape wonamizira anzace. Apa omasulira Buku Lopatulika, limene linaturuka mu 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray wa ku Nkhoma, anacita mwanzeru ndithu. Sanatenge ciwanda kapena mfiti kukhala dzina lace, analemba mdierekezi. Ndipo pamene Paulo acenjeza Timoteo ndi Tito za anthu wamba osinjirira anzao, pogwiritsa liu lomwelo la Cigriki, iwo analembanso za kudierekeza. Wowerenga wacheru akanatha kuona kuti nchito ya mdani ameneyu ndi nchito imene munthu ali yense angaicite ndi lilime lace. Yesu yemwe anachula munthu mmodzi kuti Satana pamaso pace, pa Marko 8, ndipo sanali mfiti kapena mlendo, koma Petro wophunzira wace.

Koma pa guwa zinthu sizinayende mosamala cotero. Alaliki ambiri oyamba anasonkhanitsa nyau, nsembe za kwa makolo, ula ndi mowa wa maliro, nazicha zonse nchito za Satana. Motero mdani wosaoneka uja anayamba kubvala nkhope za anthu a m'mudzi momwemo.

Lusaka anali kasiteshoni ka njanji mu 1905, caka comwe Bambo Jules Torrend anatsegula mishoni ya Ajesuiti ku Kasisi, ndipo anakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935. Azungu anamanga ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Anchito acikuda anapatsidwa tinyumba tozungulira ta udzu ku Kabwata, tina mwa ito tasungidwa pa mudzi wa zosemasema wa kumeneko. Anthu a kum'mawa anacuruka pa nchito za upolisi ndi za m'maofesi, ndipo Cinyanja cinakhala cilankhulo ca m'tauni. Kumudzi munthu akadwala adziwa wom'ganizira. M'tauni woyandikana naye ndi mlendo, ndipo cuma ca anthu ena sicioneka kumene cicokera. M'zaka zimenezo munafala mbiri ya banyama, anthu amene ankati agwira anzao usiku ndi kugulitsa mwazi wao kwa Azungu. Dzina la Satana linali lisanalowe m'nkhaniyo, koma mwazi ndi ndalama zinalimo kale.

Amene anaika nkhondo yolimbana ndi mizimu yoipa pakati peni peni pa mzinda ndi Ambuye Emmanuel Milingo, Mngoni wa ku Chipata, amene Papa Paul VI anawadzoza kukhala Arkiepiskopi wa Lusaka mu 1969. Kuyambira mu 1973 anayamba kupempherera odwala mashawe. Mashawe kale anali kubvinidwa ndi ng'oma kuti mzimu ukhazikike mwa wodwala mwamtendere. Iwo anawaona ngati mizimu yoipa yofunika kuturutsidwa m'dzina la Kristu. Khamu linadzaza pakhomo pao, makamaka akazi osauka amene cipatala cinawabweza. Ansembe ena ndi maepiskopi anzao anadandaula, ndipo mu 1982 anaitanidwa ku Rome; mu 1983 anatula udindo. Za pambuyo pace, ukwati wao wa mu 2001 ndi kucotsedwa kwao mu Mpingo mu 2006, ndi nkhani ina. Cimene anasiya m'Lusaka ndi cikhulupiriro cakuti bvuto la munthu lingakhale ndi ciwanda kumbuyo kwace, ndi kuti m'busa weni weni ndiye wotha kuciturutsa. Mipingo ya Pentekoste inalandira colowa cimeneci ndi manja awiri.

Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, nchito zinasowa, ndipo matenda a edzi anayamba kutha acinyamata. Pamenepo dzina lija linakwera kufika ku State House, nyumba yoyandikana ndi Woodlands ndi Kabulonga. A Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki wa ku Lubwa, anali ndi mlangizi wa ku India, Dr Ranganathan, ndi nyumba yosinkhasinkhiramo yochedwa David Universal Temple. Pa cisankho ca 1991 alaliki ena anati zimenezo nza Satana. A Frederick Chiluba atapambana, abusa anayamba apemphera m'nyumba yonseyo iwo asanalowemo, ndipo pa 29 December 1991 analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu. Mauwo analowa m'ciyambi ca malamulo a dziko mu 1996.

Kumapeto kwa zaka zimenezo kunabuka liu latsopano, asatanisiti. Anyamata ndi atsikana anaima m'machalichi kucitira umboni kuti anapita pansi pa nyanja, anamwa mwazi, anagwetsa mabasi pa mseu, anapereka abale ao nsembe kuti alemere. Zambiri mwa izi zinafanana kwambiri ndi za m'kabuku ka Emmanuel Eni wa ku Nigeria kamene kanafala m'maiko ambiri a mu Africa. Taonani: kuuruka usiku ndi kudya mbale ndi nkhani ya mfiti ija, kugulitsa mwazi ndi nkhani ya banyama. Cacilendo ndi dzina lokha. Mungafufuze Baibulo lonse, simudzapezamo gulu la anthu olembedwa m'kaundula wa Satana kuti alandire galimoto. Koma wokhala ku Kabwata poyang'ana mipanda yaitali ya ku Kabulonga anapeza yankho la funso limene linam'bvuta, lakuti ena alemera bwanji pamene iye amira. Ine ndiyesa kuti funsolo linali loona, koma yankholo linali la mdierekezi mwini wace, pakuti linali cinenezo copanda mboni.

Ndi codabwitsa kuti m'nyengo yomweyo, mu mzinda womwewo, anthu ena anali pa nchito yoyeza mau mosamala. Ernst Wendland, mphunzitsi pa seminare ya Lutheran ku Chelstone, anathandiza kumasulira Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti anaturutsa pamodzi mu 1998. M'nkhani ya kuyesedwa kwa Yesu m'cipululu, pamene buku lakale linati mdierekezi, latsopanoli liti Satana, dzina limene ali yense alimva msanga.

Mu November 2005 mphekesera inafala kuti mpingo wa Universal Church of the Kingdom of God, wocokera ku Brazil, ucita za usatana. Anthu anaphwanya nyumba zao zopempherera m'Lusaka, ndipo boma linauletsa mpingowo. Koma bwalo lalikuru la milandu linacotsa ciletsoco. Pambuyo pa izi kagulu ka Akatolika kochedwa Fingers of Thomas, ndiko kuti zala za Tomasi, wophunzira uja amene anafuna kukhudza asanabvomere, kanayamba kuyendera onenezedwa ndi odzinenera okha, pamodzi ndi Bambo Bernhard Udelhoven a White Fathers. Sanaseke munthu, koma anafunsa tsiku, malo ndi mboni. Kawirikawiri anapeza maloto oopsa, ana olira makolo, ndi mabanja osweka. Zimene anaphunzira zinalembedwa m'buku la Unseen Worlds mu 2015.

Caka cotsatira, mu April 2016, mitembo ingapo inapezeka m'makomboni a Lusaka itacotsedwa ziwalo. Kupha kumeneko kunali koona. Koma mphekesera inaloza amalonda a ku Rwanda, kuti atenga ziwalozo kukhala cizimba ca masitolo ao. Masitolo oposa 60 anafunkhidwa, ndipo anthu awiri anatenthedwa amoyo ku Kanyama. Onse awiri anali a m'Zambia momwemo. Alendo mazana anathawira ku chalichi ca St Ignatius ku Rhodes Park, nagona m'menemo ndi ana ao.