Akalulu a ku Australia Amene Matenda Analephera Kuwatha

M'chaka cha 1859, mlimi wina wa ku Victoria ku Australia, Thomas Austin, anamasula akalulu 24 ochokera ku England pamunda wake wa Barwon Park kuti azikhala ndi nyama yosaka. Akaluluwo anaswana mosaneneka, n'kudya msipu wa nkhosa mpaka nthaka kutsala pambalambanda. Mipanda, poizoni ndi mfuti zonse zinalephera.

Mu 1950 boma linamwaza kachilombo ka myxoma, kochokera ku South America, kamene udzudzu umafalitsa. Kalulu wogwidwa ankatupa zikope mpaka maso kutsekeka, mafinya ali chuchuchu, n'kufa pasanathe milungu iwiri. Imfa yomvetsa chisoni, ngakhale kwa chilombo chowononga minda. Poyamba, pa akalulu 100 odwala, oposa 99 ankafa.

Koma ochepa opulumukawo anaswana. Katswiri Frank Fenner anaona kuti patangopita zaka zochepa, kachilomboko kanachepa ukali, pamene ana a akaluluwo ankabadwa olimba.

Chinsinsi cha kulimbako chinaululika mu 2019, akatswiri atayerekeza DNA ya akalulu akale osungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi ya akalulu amakono. Majini olamulira chitetezo cha m'thupi, kuphatikizapo lopanga interferon, anali atasintha. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti kusinthako kunafanana ku Australia, ku France kumene matendawa anafika mu 1952, ndi ku Britain mu 1953, ngakhale nyanja zinalekanitsa akaluluwo.

Pofuna kuchepetsanso akaluluwo, mu 1996 Australia inayamba kumwaza mwalamulo kachilombo kena, ka calicivirus.