KUCHOKERA PA UTSI WA NDOWE KUFIKA PA NETI: MBIRI YA IFE A KUNYANJA NDI TIZILOMBO TOLUMA

 Ndi ine uja wa mainjini. Lero za pulagi ndi kabureta zidikire kaye. Tili mu October, dzuwa likuswa mtengo, ndiye ndati tikambe mbiri ya tizilombo timene timatiluma nyengo ino. Ndi yayitali, koma werengani mpaka pansi, bando yanu siitha.

Chilimwe cha kwathu mukuchidziwa. Mwera waleka, nyenje zikulira mumtengo wa mango, usipa pa thandala ukuuma tsiku limodzi. Amayi amaphika m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ana tsiku lonse ali m'madzi, mtsuko wa madzi akumwa aufunditsa nsalu yonyowa. Nyumba za agogo zinali zofolera udzu, zozizira bwino. Ife tinathamangira malata, pano usiku m'nyumba muli ngati mu uvuni. Ndiye mphasa panja, ena pakhonde, alovi pamchenga. Vuto ndi lakuti udzudzu wa malungo umagwira ntchito nthawi yomweyo, usiku mpaka mbandakucha.

Makolo athu analibe Doom kapena koilo, koma sanangokhala. Chida chawo chachikulu chinali utsi. Madzulo ankafukiza ndowe zouma za ng'ombe kapena masamba onunkhira monga mpungabwi ndi chanzi. Nsikidzi zikachuluka, mphasa ndi zofunda zonse padzuwa, m'mitengo ya bedi madzi owira. Kuzira pansi ndi kumata khoma si kunali kukongoletsa kokha ayi. M'ming'alu ndi momwe mumabisala nkhufi, zija zoluma usiku n'kusiya munthu akutentha thupi mobwerezabwereza. Linthumbu likalowa, phulusa lamoto pakhomo. Simbi ya makala nayo inali mankhwala: pali ntchentche ina imaikira mazira pa zovala zoyanika pansi, ukavala osasita mphutsi imalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa.

Nkhungu tisaziike m'gulu la adani. Zimatuluka pakati pa nyanja ngati utsi, zimadzaza pa nyale, koma siziluma. Kumpoto amazikola n'kuumba ndiwo, ndipo ngakhale David Livingstone analemba za chakudya chimenechi.

Matekenya ambiri timaganiza kuti ndi akwathu kuyambira kale. Ayi ndithu, ndi alendo. Kwawo ndi ku South America. Mbiri imati anatsika pa doko la Ambriz ku Angola mu 1872, atabwera m'sitima yochokera ku Brazil. Kuchoka apo anayenda m'mapazi a amtengatenga, amalonda ndi asilikali mpaka anafika kuno kunyanja m'zaka za m'ma 1890. Anthu sankawadziwa, sankadziwa kuti kanthuko kafunika kukazula msanga kasanatupe ndi mazira, ndiye ambiri anataya zala. Luso lija la agogo lozula thekenya ndi munga kapena pini linaphunziridwa ndi misozi.

Kashembe naye ali ndi mbiri yake. Cha m'ma 1912 boma la atsamunda linali ndi mantha ndi matenda a kaodzera m'chigwa cha ku Domira Bay, mpaka katswiri wina, David Bruce, anadzamanga msasa pa phiri la Kasu kufufuza ntchentcheyi. Mpaka lero amene ali pafupi ndi nkhalango ya Nkhotakota kapena Vwaza amadziwa kuti kashembe akaluma, pamalopo n'kutupa, thupi n'kutentha, koma kuyeza malungo osapezeka, uyenera kumuuza dokotala kuti unalumidwa.

Koma mfumu ya onsewa ndi udzudzu. Uyu anasamutsa mishoni yathunthu. Mu October 1875, nyengo ngati inoyi, sitima ya Ilala yoyamba ija inalowa m'nyanja itanyamula amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E.D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Anaona Cape Maclear, mchenga woyera, doko lobisika ku mphepo, anati basi tafika. Livingstonia yoyamba inali pomwepo. Pasanathe zaka ziwiri, mu 1877, Dr William Black anamwalira ndi malungo, ena anatsatira. Manda awo alipo, a ku Chembe mumawadutsa. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kumeneko mandanso anachuluka. Mu 1894 Laws anakwera phiri kupita ku Khondowe, komwe kuli Livingstonia ya lero. Zisanachitike izi, mu 1862, malungo omwewo anali atapha kale Bishopu Charles Mackenzie kumunsi kwa Shire, ndi Mary, mkazi wa Livingstone, ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi.

Chodabwitsa n'chakuti onsewa sankadziwa chowapha. Kwinini anali naye, koma ankati matendawa amachokera mu mpweya woipa wa m'madambo. Dzina lawo lija la malaria ndi Chitaliyana, tanthauzo lake mpweya woipa. Kwathu kuno timati mango osapsa, mizimbe, kapena kunyowa ndi mvula. Mwana akakomoka, ena amaloza chala gogo wa pafupi. Onse ankaona nyengo molondola, koma wolakwa anamuphonya. Mango akamapsa mvula imakhala ikuyamba, zithaphwi zikudzaza, udzudzu ukuswana. Mango alibe mlandu.

Zoona zake zinatuluka pang'onopang'ono. Mu 1880 dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, anaona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria. Pa 20 August 1897 Ronald Ross ku India anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Umene umafalitsa ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles. Umayamwa magazi kuti mazira ake akhwime. Ukaluma wodwala, kachilombo kamakula m'thupi mwake masiku khumi kapena kupitirira, kenako ukaluma iwe wakubaya nako. Azungu atadziwa izi anamanga nyumba zawo pamtunda, mawindo a waya, bedi la neti. Amishoni anali ndi phiri lothawirako. Msodzi angathawire kuti, poti munda wake ndi nyanja? Agogo athu anatsala pagombe ndi utsi wawo, akuika ana m'manda chaka ndi chaka.

Kenako kunabwera mapiritsi. Funsani makolo anu za chloroquine, akuuzani kuwawa kwake ndi kuyabwa thupi lonse usiku. Anagwira ntchito zaka zambiri mpaka kachilombo kanamuzolowera. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga SP, uja timati Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinalowa mu LA. SP anatsalira amayi oyembekezera ku sikelo, woteteza. Mu 2007 momwemo kupopera mankhwala m'makoma kunayamba ku Nkhotakota. Mu 2010 ofufuza anapeza kuti udzudzu wa pa Likoma sukufanso bwino ndi mankhwala amene ankaikidwa m'maneti. Mu 2012 boma linagawa maneti aulere dziko lonse, ndipo lakhala likubwereza pakapita zaka zingapo, ena atsopanowa ali ndi mankhwala owonjezera. Mu April 2019 katemera woyamba wa malungo padziko lonse anayambira kuno ku Malawi, Ghana ndi Kenya akutsatira. Amathandiza ana, koma sateteza kotheratu, neti ikufunikabe.

Mwaona mmene mbiriyi ikuyendera? Chida chilichonse chimene tapatsidwa, mdaniyu amachiphunzira. Ife okonza mainjini timadziwa: Yamaha ukamaipatsa mafuta osakaniza molakwika siifa lero, imafa pang'onopang'ono, tsiku lina n'kukuzimira pakati pa nyanja. Kumwa LA masiku awiri n'kusiya poti wapeza bwino n'chimodzimodzi. Ukuphunzitsa kachilombo kupirira.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Neti ndi chida chimodzi chimene udzudzu sungachiphunzire chonse. Mankhwala ake atafooka, ulusi umatchingabe. Koma chida chimenechi tikuchiwononga tokha. Yendani pagombe m'mawa muone. Neti zolumikiza zinayi zisanu zikukokedwa m'madzi osaya, zina zatchinga dimba, zina zafunditsa anapiye, zina ayanikapo bonya. Sindikunyoza munthu. Ndine mwana wa msodzi, mtengo wa ukonde weniweni ndikuudziwa, ndipo ndiwo zikasowa pakhomo neti ili pamwamba pa bedi imaoneka ngati yangokhala. Koma tiwerengere bwino, aise. Chambo chimasunga ana m'kamwa, n'kudzawasiya m'madzi osaya momwe tikukokamo. Maso a neti ya udzudzu sasiya kanthu, amakokolola ndi tiana tomwe tikanakhala nsomba za chaka chamawa. Mankhwala a m'netimo ndi poizoninso ku nsomba. Ndiye taluza kawiri: kunyanja tapha mbewu, kunyumba mwana wagona pamtunda. Chidebe chimodzi cha tinsomba sichingalipire njinga yamoto yothamangira kuchipatala pakati pa usiku, mwana akusowa magazi.

Kudziletsa si kwachilendo kwa ife. Ku Mbenji, m'dera la Gogo Chalo Makanjira ku Salima, chilumba chimatsekedwa miyezi ya mvula chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mwa lamulo la mfumu ndi anthu ake, ndipo asodzi amamvera. Ngati akulu aja anatha kusunga chilumba chathunthu, ife tingalephere kusunga neti pa bedi?

Zochita zake si zovuta. Mukagona panja chifukwa cha kutentha, tulukani nayo neti. Zikani nkhafi zinayi mumchenga kapena mangirirani ku mitengo ya thandala, m'mphepete mupindire pansi pa mphasa. Ikabooka sokani. Manja omwe amasoka chilimira usiku wonse sangalephere kabowo ka neti. Pochapa, sopo wamba, osafikisa mwamphamvu, kuyanika pamthunzi. Mvula isanagwe, vundikirani mabwato akale ali pamtunda, matayala ndi zigubu zodula, kwirirani maenje oumbira njerwa ali pafupi ndi nyumba. Ine ku ntchito ndimaona timphutsi ta udzudzu tikuvina m'madzi otsalira m'maboti oimikidwa, pafupi penipeni ndi pogona alovi.

Polumidwa sambitsani ndi sopo, ikani nsalu yonyowa, ana awengeni zikhadabo kuti asadzikande mpaka chilonda. Ndipo chonde, anyamata, musamabwere kudzandipempha oilo wakuda, petulo kapena madzi a batire kuti mupake pa thekenya kapena pa chilonda. Zimenezo ndi za injini, pakhungu zimawotcha. Thupi likatentha, makamaka la mwana kapena mayi woyembekezera, kayezetseni tsiku lomwelo kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo. Akakupatsani LA, ndi kawiri patsiku masiku atatu, mutadya kaye, mpaka atathe. Mwana akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena akakomoka, musadikire kuche ndipo musayambire kwa sing'anga.

Agogo athu analimbana ndi udzudzu osadziwa n'komwe kuti ndiwo ukuwapha. Ife tikudziwa, neti tinalandira yaulere, kuyeza ndi kwa mphindi zochepa. Mvula ili pafupi. Lero madzulo, musanapite ku mpira kapena kukakwera boti, lowani m'nyumba muone ngati ang'ono anu ali ndi neti pogona pawo. Ngati ili kugombe, kaitengeni.

Tumizani ku magulu a kwanu, makamaka kwa a komiti ya pagombe ndi eni zilimira. Mlungu wamawa tibwerera ku za mainjini.