Mbiri ya Galu Wokusa Nkhosa

Ife a kuno ku Mzuzu tidziwa ntchito ziwiri za galu: kulonda pakhomo usiku ndi kupirikitsa kalulu kutchire. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ana awo nadzakhazikika ku Mzimba, anali eni ng'ombe. Koma kukusa zoweta inali ntchito ya anyamata, osati ya agalu. Tsono mudzadabwa pakumva kuti kwina galu ndiye akusa nkhosa.

Dziko limodzi lotere ndilo Scotland, kwawo kwa amishoni aja anayamba ntchito pa Ekwendeni mu 1889. M'malire a Scotland ndi England muli mapiri ozizira a udzu, onga athu a Viphya. Kumeneko nkhosa zimwazikana kutali, ndipo mbusa akachedwa kuzitsitsa nyengo ya chisanu, zina zifera komweko. Munthu mmodzi sangathe kuzungulira phiri lonse. Chifukwa chake anafuna mthandizi wa miyendo inayi.

Nzeru imeneyi njakale. Mu 1570 sing'anga wa ku England, John Caius, analemba za galu amene akamva mawu kapena likhweru la mbuye wake abweza nkhosa zosokera. Mu 1873 abusa anasonkhana ku Bala, m'dziko la Wales, kuyesana kuti galu waluso ngwa yani. Mu 1893 kunabadwa galu wotchuka, Old Hemp, wa mbusa Adam Telfer wa ku Northumberland. Iyeyu sanali kukusa ndi phokoso ayi; anali kunyang'ama, nazipenyetsetsa nkhosa, izo nizimvera. Abusa anakhumbira mbewu yake, ndipo agalu ambiri a mtundu wa Border Collie ndiwo zidzukulu zake.

Kodi galu wotere aphunzira bwanji? Akulu anati m'mera mpoyamba. Akali mwana aphunzira dzina lake, kubwera akaitanidwa, ndi kugona pansi akauzidwa. Akasinkhuka, mbusa amtengera ku nkhosa zowerengeka zofatsa, namphunzitsa kuzizungulira, kudzanja lamanja ndi lamanzere, kufikira azibweretsa kwa mwini. Pambuyo pake aphunzira chinthu chovuta koposa, ndicho kuzitsogoza kuchoka kwa mbusa kunka kumene iye afuna. Lamulo lililonse lili ndi likhweru lakelake, pakuti likhweru limveka kutali kuposa mawu.

Chinsinsi chake ndi ichi: mtima umene utuma galu wathu kuzinga kalulu ndi womwewo umene utuma galu uja kuzinga nkhosa. Abusa sanauphe mtimawo, anangouletsa kuluma. Galu womenyedwa achita mantha, osamvanso likhweru. Wolekereredwa asanduka chilombo m'khola. Tsono inu amene mwanagalu wanu wayamba kuthamangitsa mbuzi, musafulumire kutola ndodo. Yambani mwamphunzitsa kuima mukamuitana, pakuti abusa aja nawonso anayambira pomwepo.