Mphukira ku Mecanhelas: mbiri ya maluwa a kutchire kwathu

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, sabata yatha m'kalasi mwanga tinafika pa mawu a Chipwitikizi akuti primavera. Pa chithunzi chimene ndinabweretsa panali udzu wobiriwira, agulugufe ndi maluwa amene sindinawaonepo ku Niassa kuno. Mtsikana wina anasuzumira pawindo, kunja kuli fumbi ndi lupsa lokhalokha, n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga primavera yathu ifika liti?" Ndinamuuza kuti yafika kale, ayang'ane kuphiri kumene mitengo yafiira. Agogo athu nyengo imeneyi ankaitchula kuti mphukira. Pa ana onse aja, ochepa okha ndi amene anali atamvapo mawuwa, ndiye chifukwa chake ndalemba nkhaniyi.

Ku Portugal primavera imayamba mu Malichi, kuzizira kukamatha. Yathu ndi yosiyana kwambiri. Imabwera dzuwa likuswa mtengo, kuyambira cha mu Sepitembala mpaka Novembala, mvula isanagwe ngakhale dontho. Mitengo ya mombo, tsamba ndi mchenga, imene inayoyola masamba m'chilimwe, imatulutsa masamba anthete ofiira, ena ofiirira ngati mkuwa, ndipo pakapita masiku angapo amasanduka obiriwira. Madzi ake imawapeza pansi kwambiri ndi mizu yake yaitali. Muwale umachita maluwa ofiira piriwiri ulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Mvunguti umalendewetsa maluwa ake akuluakulu amene amatseguka usiku, mileme n'kumabwera kudzamwa timadzi take, ndipo m'mawa mumawapeza ali mbwee pansi, mbuzi zikulimbirana. Mlambe nawo umachita chimodzimodzi ndi maluwa ake oyera. Kenako kumagwa chizimalupsa, ndipo fungo la dothi limauza aliyense kuti makasu atuluke.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tchire limeneli linali chonchi kuyambira pachiyambi. Nditapita kukaphunzira zauphunzitsi, komanso nditayamba kufunsa akuluakulu, ndinazindikira kuti pafupifupi duwa lililonse limene timaliona lili ndi nthawi imene linafika kapena chifukwa chimene linachulukira.

Tiyambe ndi moto, chifukwa ndiwo wakale kwambiri. Makolo ankatentha tchire chaka ndi chaka posaka nyama, pokumba mbewa, ndiponso pofuna msipu wanthete. Timaluwa tating'onoting'ono timene timatuluka pa lupsa, tina tachikasu tina tapinki, tili ndi mizu yonenepa pansi imene moto suifika. Udzu wautali ukapsa, timapeza dzuwa n'kuphuka msanga udzuwo usanamerenso. Choncho kukongola kwa lupsa mu Okutobala kuli ndi dzanja la munthu. Mawu akuti chizimalupsa nawonso ndi umboni: anthu sakanapatsa mvula dzina lotere akanakhala kuti sankatentha tchire chaka chilichonse.

Chachiwiri ndi madzi. Boma lathu lili m'mbali mwa nyanja ziwiri, Chilwa, imene Apwitikizi amailemba kuti Chirua, ndi Chiuta. Kalekale zinali zolumikizana, mpaka mtunda wamchenga unazilekanitsa. Chiuta imatulutsa madzi ake kudzera ku Amaramba kupita mu mtsinje wa Lugenda, n'chifukwa chake madzi ake ndi abwino. Chilwa ilibe potulukira, madzi ake ndi amchere, ndipo yazunguliridwa ndi njedza yambirimbiri. M'madambo ndi m'maiwe a m'mphepete mwa nyanjazi ndi mmene mumaphuka kakombo wa m'madzi, wobiriwira ngati thambo kapena woyera, amene amatseguka m'mawa n'kutseka dzuwa likapendeka. Mlendo akamuona amatulutsa foni kuti ajambule. Agogo anga aakazi akamuona ankakumbukira njala, chifukwa pansi pa duwalo, m'matope, muli nyika, timizu tozungulira timene anthu amazula, kuphika ndi kudya chimanga chikatha.

Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu mu 2018 mabwato ali pamtunda wong'ambika. Nthawi zonsezo matemba, makumba ndi milamba zinasowa, asodzi a m'zimbowera anabalalika, koma mvula itabwerera kakombo anaphukanso kuchokera ku mizu ndi njere zimene zinakhalira m'matope ouma. Akuluakulu a m'mphepete mwa nyanja amawerenga zaka potengera kuphwa kumeneku: uje anabadwa nyanja itaphwa koyamba, uje anakwatiwa madzi atabwerera.

Pakati pa azungu oyamba kulemba za nyanjayi panali David Livingstone ndi John Kirk, amene anafika ku Chilwa mu Epulo 1859, kuchokera mbali ya kumadzulo. Kirk anali dotolo komanso wotolera zomera, ndipo zimene ankatola pa maulendo ake ankazitumiza ku Kew, ku England. Lero mukatsegula buku la sayansi mupeza kuti msuku, mtengo umene ana athu amathamangira kukatola zipatso zake kumayambiriro kwa dzinja, umatchedwa Uapaca kirkiana, kutengera dzina la Kirk. Ine sindidana ndi dzina limeneli, limathandiza kuti wa ku Brazil ndi wa ku Japan amvane. Chimene chimandipweteka n'chakuti dzina la mlendo amene anangodutsa linalowa m'mabuku a dziko lonse, pamene mayina amene anthu omutsogolera njira ankatchula akuiwalika m'midzi yawo yomwe.

Patapita zaka 32, mu Juni 1891, Britain ndi Portugal anasayina pangano la malire. Mzere unadutsa m'mphepete mwa Chiuta chakum'mawa, n'kulunjika ku gombe la kum'mawa kwa Chilwa. Dambo limodzi linakhala m'mayiko awiri, ndipo mwana wa ku Nayuchi anayamba kuphunzira za nyengo m'Chingerezi pamene msuweni wake wa tsidya lino ankaphunzira m'Chipwitikizi. Onse awiri ankaloweza nyengo zinayi za ku Ulaya, mombo uli kufiira kuseri kwa sukulu. Dera la Niassa linakhala m'manja mwa Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza zinathamangitsa mabanja ambiri, makamaka Alomwe, kuwolokera ku Nyasaland.

Duwa limene agogo anga aamuna sankafuna kulimva ndi la thonje. Ndi lokongola ndithu: limatseguka lili loyera mwachikasu, mawa lake n'kusanduka lapinki lisanagwe. Koma kuyambira 1938 mpaka 1961 boma la atsamunda linkakakamiza anthu a kumpoto kwa Mozambique kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo wotsika umene boma lomwelo linkaika. Wolephera kukwanitsa ankamenyedwa m'manja ndi palmatória. Nkhalango zinagwetsedwa kuti minda ya thonje ipezeke, ndipo nthawi yopalira thonje inkagundana ndi yopalira mapira ndi chimanga, moti banja linkakolola thonje nkhokwe ili pululu. Agogo ankati munda ukayera ndi maluwa a thonje, mayi ankayamba kuwerenga miyezi ya njala. Kodi mwana amene sakudziwa zimenezi angamvetse bwanji chifukwa chimene akuluakulu ena amangoti kukamwa yasa tikamayamikira kukongola kwa munda wa thonje?

Pali maluwa enanso amene timawayesa akwathu koma ndi alendo. Deliya, amene amakuta m'mbali mwa misewu ndi maluwa achikasu dzinja likamatha, kwawo ndi ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo. Chisoso ndi mwamunaaligone zinachokeranso ku America, ngati mmene chimanga, chinangwa ndi mtedza zinachokera. Koma taonani zimene amayi athu anachita: anazilawa, anaziyesa ndiwo, n'kuzipatsa mayina oti munthu akamva amaseka. Dzina ngati mwamunaaligone silingabadwe mu ofesi, linabadwira pa mafuwa. Pambali pa alendowa pali eni nthaka monga luni wa maluwa oyera, denje wa timaluwa tachikasu ndi chewe wa maluwa ofiirira ooneka ngati kabelu. Pafupifupi onsewa ife timawadziwa ngati ndiwo kapena thelele. Pa Chinyanja chathu mawu akuti maluwa a kutchire ndi osowa pakamwa pa akuluakulu, chifukwa iwo chomera ankachitchula potengera ntchito yake: chodya, mankhwala, luzi, kapena chizindikiro cha mvula.

Kaufiti yekha ndiye amene dzina lake limanena zoipa zokhazokha. Kaduwa kake kofiira ndi kokongola kuposa ambiri, koma mizu yake imayamwa chimanga ndi mapira, ndipo njere zake zimakhala m'dothi zaka zambiri. Amachuluka m'munda woguga. Kale munda ukatopa anthu ankausiya kuti ugonere, n'kutsegula mphanje kwina. Lero anthu tachuluka, malo ogoneka munda palibe, ndipo kufiira kwa kaufiti m'mizere ndi kumene kumakuuzani.

Mu 1970 njanji yochokera ku Cuamba, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Nova Freixo, inalumikizidwa ndi ya ku Malawi. Inadutsa pa mtunda wamchenga uja wa pakati pa Chilwa ndi Chiuta, ndipo dzina la Entre Lagos likunena zomwezo, pakati pa nyanja. Lero pamadutsa sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize kupita ku Nacala.

Kenako kunabwera nkhondo ya pachiweniweni. Ine ndinabadwira tsidya la Malawi, makolo anga ali othawa kwawo, pamodzi ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique amene anathawira m'dzikolo. Chilala cha 1992 chinatipeza komweko, ndipo amayi amati nyika ndi imene inatipulumutsa masiku ena. Mtendere utasayinidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera pang'onopang'ono. Bambo anga amasimba kuti atafika pamudzi sanapazindikire. Minda inali itabwerera tchire, zitsa za mombo zitaphukira n'kutalika kuposa munthu, njira zitatsekeka, ndipo anthu ankaopa kuponda pambali chifukwa cha mabomba okwirira. Chimene chinawalozera pabwalo lawo ndi mitengo iwiri ya mango imene agogo anabzala. Mpaka lero mukaona mango ataima okha pakati pa tchire, dziwani kuti pamenepo panali khomo la munthu. Bambo amanena mosafuna kuti mphukira yokongola kwambiri imene anaionapo m'moyo wawo ndi ya zaka zimenezo, pamene kunalibe wodula mtengo.

Zaka makumi atatu zapitazi tchire lija labwereranso m'mbuyo. Makala, zigafa za fodya, njerwa zowotcha ndi minda yatsopano zadya mitengo yambiri, ndipo moto wa mochedwa, wa mu Okutobala, umapha ngakhale timitengo timene tikanalowa m'malo mwake. Sindikuloza chala munthu, chifukwa nanenso ndimaphikira makala omwewo. Koma kufiira kumene ine ndinkakuona ndikangotuluka m'nyumba, ana anga a m'kalasi amayenera kukuyang'ana patali, m'mapiri.

Lachisanu ndinawatuma kuti aliyense abwere ndi duwa limodzi kapena tsamba la mphukira, atafunsa dzina lake kwa munthu wamkulu wa pakhomo. Lolemba tebulo langa linadzaza. Ena anabwera ndi mayina a Chinyanja, ena a Chimakhuwa, ena a Chiyao, ndipo duwa la mvunguti lokha linadzetsa mkangano wa theka la ola. Mtsikana uja anabweretsa kaduwa kachikasu ka pa lupsa, kali ndi muzu wake wakuda ndi moto. Anati mayi ake sakulidziwa dzina, agogo amene akanadziwa anamwalira chaka chatha. Ndakapanikiza pakati pa mapepala a kope lakale, ndipo Loweruka ndipita nako kumsika ku Insaca kukafunsa amayi ogulitsa ndiwo.