MAPU A CIPULULU CA MARALINGA

Kumwera kwa dziko la Australia, mtunda wa mailosi ngati 500 kucokera ku mzinda wa Adelaide, kuli cipululu cochedwa Maralinga. Kumeneko Angerezi anaphulitsa mabomba akulu a atomiki 7 m'zaka za 1956 ndi 1957. Wofuna kudziwa mbiri ya malowa ayambe wapenya mapu ace.

Amene anatsogola kupima dzikolo ndiye Len Beadell. Usana iye anali kuyenda pa galimoto m'mcenga ndi m'zitsamba, ndipo usiku anali kupima nyenyezi kuti adziwe pamene waima. M'caka ca 1953 anafika pa Maralinga, ndipo boma linabvomereza malowo. Pambuyo pace pa mapu panalembedwa miseu, bwalo la ndege, mudzi wa asilikari, ndi maina a pophulitsira mabomba, monga One Tree, Marcoo ndi Taranaki.

Koma pepala lisonyeza cokhaco cimene wolemba waona. Eni dziko, Aaborijini, anali nao mapu ao a mumtima: zitsime ndi njira za makolo anaziloweza m'nyimbo. Misyoni ya Ooldea itatsekedwa mu 1952, ambiri anasamutsidwira ku Yalata, koma ena anatsalira m'thengo. Nchito yowafunafuna ndi kuwacenjeza m'dziko lalikulu lotere inali pa munthu mmodzi, Walter MacDougall, kufikira 1956 pamene anampatsa mnzace. M'mwezi wa May 1957 asilikari anapeza banja lina litagona pafupi ndi dzenje la bomba la Marcoo. Zikwangwani zoletsa zinalipo, koma zinali za Cingerezi.

Mayeso ang'onoang'ono, amene anatha mu 1963, anamwaza plutonium, citsulo cimene ululu wace ukhala zaka zikwi zambiri. Mu 1967 Angerezi anatembenuza nthaka kuti aukwirire, nati malo akonzeka. Koma mu 1984 akatswiri a ku Australia anapimanso, napeza kuti fumbi laululu linafalikira kutali koposa m'mene zinalembedwera. Bungwe lofufuza la McClelland linapereka mau ace mu 1985, ndipo nchito yokonzanso inatha mu 2000. Mu 2009 malo a mayesowo anabwezedwa kwa eni ace.

Akulu anati safunsa anadya phula. Opima dziko aja anafunsa nyenyezi, ndipo zinawayankha zoona. Koma eni nthaka sanawafunse, ndipo amene anadya phulalo ndiwo osafunsidwawo.