Kukana kwa zimbale za DVD pa kompyuta

Kukana kwa zimbale za DVD ndi vuto limene kompyuta imawerenga zimbale zina bwinobwino koma zina n'kumazikana, ngakhale kuti zonse zimaoneka zofanana. Nthawi zina chimbale chimazungulira kwa kanthawi kenako n'kukhala chete, nthawi zina kompyuta imanena kuti mulibe kanthu. Gwero la vutoli likhoza kukhala chimbale, chipangizo chowerengera zimbale chomwe ambiri amangoti drive, kapena pulogalamu ya mu kompyuta. Chimene chimaulula gwerolo ndi mtundu wa zimbale zomwe zikukanidwa.

Kusiyana kwa zimbale

DVD inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996. Imafanana ndi CD kukula kwake, koma imawerengedwa ndi kuwala kwina. CD imawerengedwa ndi laser ya 780 nm, DVD ndi laser yofiira ya 650 nm, pamene Blu-ray imafuna ya 405 nm. Mu drive imodzi mumakhala laser ya CD payokha ndi ya DVD payokha, ndipo imodzi imatha kufa inzake ikugwirabe ntchito. N'chifukwa chake kompyuta imene ikuimba CD koma ikukana DVD iliyonse kawirikawiri imakhala kuti laser ya DVD yatha mphamvu. Chimbale cha Blu-ray sichingawerengeke mu drive ya DVD ngakhale itakhala yatsopano.

Zimbale za DVD nazonso zili mitundumitundu. Zochokera kufakitale zimabweza kuwala kwambiri ndipo sizivuta kuwerenga. Zojambulidwa pa kompyuta, zomwe anthu amati zobena, ndi DVD-R, imene inatuluka mu 1997, ndi DVD+R ya mu 2002, ndipo ma drive ena akale amadziwa mtundu umodzi wokha. Zolembedwanso kangapo, za RW, zimabweza kuwala kochepa, chimodzimodzi za magawo awiri zotenga 8.5 GB m'malo mwa 4.7 GB. Laser ikayamba kufooka imayamba kukana zimenezi, zakufakitale n'kumaziwerengabe. Chimbale chomwe wojambula sanachitseke pomaliza chimatha kuwerengeka pa makina amene anachijambula okha, ndipo chimene magetsi anathima chili mkati mojambulidwa nthawi zambiri sichiwerengeka paliponse.

Nambala ya chigawo

Mafilimu ogulitsidwa m'masitolo amakhala ndi nambala ya chigawo cha dziko lapansi. Malawi, Mozambique ndi Zambia ali m'chigawo 5, koma South Africa ili m'chigawo 2 pamodzi ndi mayiko ambiri a ku Ulaya ndi Japan. United States ndi Canada ali m'chigawo 1, China m'chigawo 6. Choncho filimu imene wachibale wabwera nayo kuchokera ku Johannesburg ikhoza kukanidwa ndi kompyuta yoikidwa chigawo 5, ndipo laputopu ya kaunjika yochokera ku America ikhoza kukana zimbale za zigawo zonse ziwirizi.

Nambalayi imasinthidwa mu Device Manager ya Windows, pa tsamba lolembedwa DVD Region. Apa m'pofunika kusamala: ma drive opangidwa kuyambira chaka cha 2000 amalola kusintha kasanu kokha, ndipo chigawo chomaliza chimakhazikika. Kuikanso Windows sikuthandiza, chifukwa chiwerengerocho chimasungidwa mu drive momwemo. Zimbale zojambulidwa kumsika kapena za ukwati sizikhala ndi nambalayi, kotero zikakanidwa vuto limakhala lina.

Kutentha, fumbi ndi madzi ku Chigwa cha Shire

M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje zimbale zimakumana ndi adani atatu. Madera a Nchalo, Ngabu ndi Bangula ndi ena mwa otentha kwambiri m'Malawi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Uthenga wa pa DVD-R ndi DVD+R umalembedwa mu utoto wopyapyala umene umawonongeka ndi dzuwa komanso kutentha. Chimbale chosiyidwa pawindo, m'galimoto kapena m'nyumba ya malata chimafooka pang'onopang'ono, mwinanso kupindika. Chikatero drive yamphamvu imachiwerenga, yotopa n'kuchikana, ndipo mwini wake amaimba mlandu kompyuta pamene chimbale ndicho chikufa.

Fumbi la m'chilimwe limakhala pa diso la drive, makamaka pa laputopu pomwe disolo limatulukira panja pamodzi ndi thireyi. Limachotsedwa ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl, mosakanikiza.

Madzi osefukira a mu 2015, komanso a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, analowa m'nyumba ndi m'masukulu ambiri m'chigwachi. Chimbale chimene chamira m'matope sichikhala kuti chatheratu, chifukwa uthenga wa DVD umakhala pakati pa mapulasitiki awiri omatidwa, lililonse lochindikala 0.6 mm. Chimene chimachipha ndi kuchipukuta chili ndi matope, poti mchenga umachikala. Chiyenera kutsukuluzidwa ndi madzi oyera, kuumitsidwa pamthunzi, kenako kupukutidwa ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira.

Kupeza gwero la vuto

Njira yachidule ndi kuyesa chimbale chokanidwacho pa kompyuta ina kapena pa DVD player, ndi kuyesa zimbale zina za mtundu womwewo pa kompyuta yovutayo. Chikakanidwa paliponse, vuto ndi chimbale. Mtundu wonse ukamakanidwa pa makina amodzi, vuto ndi drive. Ngati mafayilo akuoneka koma filimu sikuseweredwa, drive ili bwino: Windows 8, 10 ndi 11 sizibwera ndi pulogalamu yosewerera mafilimu a DVD, ndipo pulogalamu yaulere ya VLC imathetsa zimenezi.

Laser yakufa sakonza kawirikawiri, poti kugula drive yolumikiza pa USB kumakhala kosavuta. Chimbale chofooka chikawerengeka ngakhale kamodzi, zonse za momwemo, kaya ndi kanema wa chinkhoswe, nyimbo za kwaya kapena zolemba za sukulu, ziyenera kukoperedwa nthawi yomweyo pa flash kapena pa hard disk, chifukwa mwina sichidzawerengekanso.