Masewero Akale a Nthano za Sayansi pa Makaseti ndi Zimbale: Mbiri Yake ndi Maganizo a Oonera

Masewero a nthano za sayansi ndi nkhani zopeka za pa wailesi yakanema zimene zimakamba za maulendo opita ku mapulaneti ena, makina oganiza ngati munthu, zamoyo zochokera kuthambo, ndiponso kubwerera ku nthawi zamakedzana kapena kudumphira kutsogolo. Amene amatchedwa akale kawirikawiri ndi a m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980. Pa nthawiyo magawo ambiri ankaonetsedwa kamodzi kapena kawiri basi, ndipo amene waphonya ankangomva kwa anzake. Makaseti ndi zimbale zitabwera, anthu anayamba kuonera masewerowa kunyumba mobwerezabwereza, ndipo maganizo awo pa magawo ambiri anasintha.

Masewero odziwika kwambiri

Atatu ndiwo amatchulidwa kawirikawiri. The Twilight Zone, lopangidwa ndi Rod Serling ku America, linaonetsedwa kuyambira 1959 mpaka 1964 ndipo lili ndi magawo 156, gawo lililonse nkhani yakeyake. Star Trek, la Gene Roddenberry, linaonetsedwa kuyambira 1966 mpaka 1969 m'magawo 79, ndipo limatsata anthu oyenda m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Enterprise. Mmodzi mwa akuluakulu a m'chombomo ndi Uhura, mkazi wa ku Africa, amene mbali yake ankasewera ndi Nichelle Nichols. Doctor Who, la BBC, linayamba pa 23 Novembala 1963, linaima mu 1989 n'kuyambanso mu 2005. Mwini nkhani, wotchedwa Doctor, ndi mlendo wochokera ku pulaneti lina amene amayenda m'nthawi pogwiritsa ntchito chombo chooneka ngati kanyumba ka telefoni ka apolisi.

Mmene anafikira ku Zambia

Wailesi yakanema inayamba ku Kitwe mu 1961, dziko likadali Northern Rhodesia. Ufulu utabwera mu 1964, boma linaitenga, ndipo lero ili m'manja mwa bungwe la ZNBC, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Mapulogalamu ambiri a zaka zoyambirira ankagulidwa ku Britain ndi ku America, ndipo Zambia inali m'gulu la mayiko a mu Africa amene anagula Doctor Who, pamodzi ndi Nigeria, Ghana, Sierra Leone, Kenya ndi Uganda.

Magawowa ankabwera pa filimu ya mamilimita 16 yosungidwa m'zitini zachitsulo, chitini chimodzi gawo limodzi la mphindi pafupifupi 25. Pofuna kuchepetsa ndalama, BBC sinkapangira dziko lililonse makope akeake. Wailesi ikamaliza kuonetsa, inkatumiza zitinizo ku dziko lotsatira, ndipo yomalizira inkauzidwa kuti izibweze ku London kapena iziwononge.

Oonera a nthawiyo anali a m'matauni a m'mbali mwa njanji, makamaka ku Copperbelt ndi ku Lusaka. Chipata, imene kale inkatchedwa Fort Jameson, ili pa mtunda woposa makilomita 500 kum'mawa kwa Lusaka, kutali ndi kumene mafunde a kanema ankafika pa chiyambi. Kutsidya kwa malire a Mwami, dziko la Malawi linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Choncho anthu ambiri a m'derali anayamba kuona mafilimu akunja pa kaseti, osati pa wailesi.

Magawo otayika

Mpaka 1978, BBC inkafufuta matepi akale kuti ijambulirepo zina, komanso inkataya makope ambiri a filimu poganiza kuti sadzafunikanso. Mwa magawo 253 a zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira za Doctor Who, ochuluka anasowa. Mawu a magawo onsewo anapulumuka chifukwa oonera ena ankajambula okha kunyumba ndi makina ojambulira mawu, koma zithunzi zinapita.

Apa m'pamene zitini zotumizidwa kunja zinakhala zamtengo wapatali. Nkhani ya The Tomb of the Cybermen, ya mu 1967, inapezeka yonse ku Hong Kong ndipo inatulutsidwa pa kaseti mu 1992. Mu Okutobala 2013 kunalengezedwa kuti munthu wina dzina lake Philip Morris wapeza magawo 9 m'chipinda chosungiramo katundu pa siteshoni ya kanema ku Jos, ku Nigeria: asanu a The Enemy of the World ndi anayi a The Web of Fear. Izi zinatsitsa chiwerengero cha magawo osowa kuchoka pa 106 kufika pa 97.

Makaseti ndi zimbale

Kaseti ya VHS inatulutsidwa ndi kampani ya JVC mu 1976. Nkhani yoyamba ya Doctor Who kugulitsidwa pa kaseti inali Revenge of the Cybermen mu 1983, ndipo yoyamba pa DVD inali The Five Doctors mu 1999. Zimbale zinabwera ndi zoonjezera: zithunzi zotsukidwa bwino, mawu a osewera ofotokoza mmene ntchito inayendera, ndi zidutswa zimene zinadulidwa. Kumene gawo linatayika, anayamba kujambula zithunzi za katuni n'kuziphatikiza ndi mawu akale aja, monga anachitira ndi The Invasion mu 2006 ndi The Power of the Daleks mu 2016.

Kwa wogula wa ku Zambia panali zopinga ziwiri. Makanema a ku Zambia ankagwiritsa ntchito njira ya PAL pomwe makaseti a ku America anali a NTSC. Komanso ma DVD anagawidwa m'zigawo: America ili m'chigawo 1, Britain ndi South Africa m'chigawo 2, Zambia ndi Malawi m'chigawo 5. Chimbale chenicheni chochokera ku London chinkatha kukana pa makina a chigawo china, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene makina otsika mtengo osasankha chigawo anagwirira msika.

Maganizo a oonera

Pa magawo ena oonera sasiyana kwenikweni. Mu Star Trek, gawo la The City on the Edge of Forever, la mu 1967, limaikidwa pamwamba kawirikawiri, pomwe Spock's Brain, la mu 1968, limatchulidwa ngati lolephera. Pa chisankho cha owerenga Doctor Who Magazine mu 2009, nkhani ya The Caves of Androzani inakhala yoyamba mwa nkhani 200 ndipo The Twin Dilemma inakhala yotsiriza, chonsecho ziwirizi zinaonetsedwa motsatizana mu 1984.

Kumene maganizo anasintha kwambiri ndi pa nkhani zotayika n'kupezekanso. The Tomb of the Cybermen inkatamandidwa kwa zaka zambiri ndi anthu amene anaiona ali ana. Itatuluka pa kaseti inagulidwa kwambiri, koma ena anakhumudwa ataona zidole ndi zingwe zoonekeratu pa nthawi ya ndewu. Ambiri anadzudzulanso mbali ya Toberman, munthu wakuda wamphamvu amene anaonetsedwa ngati wantchito wosalankhula kwenikweni. The Enemy of the World inayenda njira yosiyana. Kwa zaka zambiri gawo lachitatu lokha mwa asanu ndi limodzi ndilo linalipo, ndipo ndi gawo loyenda pang'onopang'ono, kotero nkhaniyo inkaonedwa ngati wamba. Itapezeka yonse, anthu anaona luso la Patrick Troughton posewera mbali ziwiri, ya Doctor ndi ya wolamulira wankhanza Salamander, ndipo mbiri yake inakwera.

Mkangano wina ndi wa kukonzanso zakale. Mu 2006 magawo a Star Trek anakonzedwa, zombo ndi mapulaneti n'kujambulidwanso pa kompyuta. Ena anakondwa kuti achinyamata aziwaonera osaseka, ena anati kutero n'kuchotsa umboni wa ntchito ya amisiri a nthawiyo. Zimbale za Blu-ray za mu 2009 zinaika mitundu yonse iwiri kuti woonera asankhe yekha.

Kuonera ku Chipata ndi madera ozungulira

M'makomboni monga Kapata ndi Mchini, komanso m'malo amalonda a m'mbali mwa msewu wa Great East, anthu ambiri anadziwira mafilimu ku nyumba za vidiyo. Nyumba yotere imakhala chipinda chimodzi chotchinga mawindo, mabenchi amatabwa, kanema pa tebulo kutsogolo, sipika panja yoitanira odutsa, ndi bolodi pakhomo lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo. Kumene kulibe magetsi amagwiritsa ntchito jenereta kapena batire yotchajidwa ndi sola. Makaseti analowedwa m'malo ndi zimbale zodzaza magawo ambiri pa chimodzi, ndipo zimbalezo zinalowedwa m'malo ndi mafulashi ndi makadi a m'foni.

Kaoneredwe kotere kali ndi miyezo yake. Omvera ambiri ndi olankhula Chinyanja, Chinsenga kapena Chitumbuka, choncho filimu ya ndewu ndi kuthamangitsana imamveka msanga kuposa sewero lakale lopanda mitundu limene mphamvu yake ili m'zokambirana za Chingerezi. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ a ku Malawi, amene amalankhula pamwamba pa mawu a filimu n'kumathirira nthabwala, anachepetsa vuto la chilankhulo, ndipo pamenepo oonera amayeza luso la womasulira pamodzi ndi filimuyo. Zambiri mwa zimbale za m'misika ndi zokopera popanda chilolezo, zimene lamulo la 1994 loteteza eni luso limaletsa. Mu 2013 boma linayambitsa chidindo cha hologram chozindikiritsa zimbale zenizeni.

Nthano za sayansi za ku Zambia

Zambia ili ndi nkhani zakezake za mtunduwu. Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 analengeza zoti atumiza anthu a ku Zambia kumwezi, ndiye maziko a filimu yaifupi ya Afronauts ya mu 2014, yopangidwa ndi Nuotama Bodomo. Buku la Namwali Serpell, The Old Drift, linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, sewero la katuni la Malenga Mulendema lonena za atsikana anayi oteteza mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Mosiyana ndi magawo a m'ma 1960 amene ankayenda m'zitini kuchoka dziko lina kupita lina, seweroli linafika kwa oonera m'mayiko ambiri tsiku limodzi kudzera pa intaneti.